Livi yanu siyambila mu January, iyambila tsiku limene munalowa nchito

Mu December wapita, pa pulogilamu yathu ya acinyamata pa wailesi, mlongo wina anatuma foni mau ali onjenjemela. Anakamba kuti amasewenza mu shopu ya zovala mu tauni, ndipo analowa nchito pa 1 July. Mkulu wake anali kukwatiwa ku Katete, ndiye anapita kukapempha masiku asanu. Abwana anamuyankha kuti: "Imwe mwabwela pakati pa caka. Kuno livi timayamba kuwelenga mu January. Miyezi yanu iyi ilibe kanthu." Mnzake wa mu shopu ina anali atamuuza zosiyana, kuti lamulo limapatsa aliyense masiku 24 pa caka, ndiye apite akafune 24 yonse. "Manje ba presenter," anatelo mlongoyo, "nimvele ndani?"

N'namuyankha kuti onse awili amusoceletsa. Ndipo cimene canipangitsa kulemba nkhaniyi n'cakuti atangodula foni, mameseji anayamba kubwela ambili, onse a funso lofanana. Wina analowa mu April, wina mu September, wina sadziwa n'komwe tsiku limene analowa. Maganizo anga ni akuti wacinyamata aliyense amene wapeza nchito afunika kudziwelengela yekha masiku ake a livi kucokela tsiku loyamba, osasiyila abwana kapena a HR. Masiku amenewo ni ndalama, ndipo ndalama imene simuwelenga imasowa mwakacetecete.

Tiyambe na zimene lamulo likamba. Nkhani za nchito muno mu Zambia zimayendetsedwa na Employment Code Act, lamulo namba 3 la mu 2019. Cigawo 36 ca lamuloli cikamba kuti wanchito amene wasewenza kwa bwana mmodzi miyezi 12 yotsatizana ayenela kupatsidwa livi yolipilidwa, ndipo iwelengedwa pa mlingo wa masiku osacepela awili pa mwezi. Masiku awili kuwilikiza ka 12 ni 24. Apa m'pamene panacokela 24 ya mnzake wa mlongo uja. Koma onani bwino: lamulo likamba za miyezi 12 yotsatizana. Silikamba za January mpaka December. Munthu amene analowa pa 1 July amakwanitsa miyezi yake 12 pa 30 June caka cotsatila. Bwana amene akuti "tiyambila mu January" akufuna kuti mlongo uja akakwanitse miyezi 12 mu December wa caka cotsatila, kutanthauza kuti miyezi isanu na umodzi imene anaimilila mu shopu kucokela m'mawa mpaka madzulo yangotayidwa m'ngalande.

Mnzake uja nayenso analakwitsa. Simungalowe nchito mu July n'kukafuna masiku 24 mu December. Makampani ambili ali na caka cao ca livi cocokela January kufika December cifukwa n'cosavuta kusunga mabuku, ndipo zimenezo zilibe vuto. Cimene amacita makampani oona mtima kwa munthu wolowa pakati pa caka ni kuwelenga miyezi imene yatsala n'kuwilikiza kawili. Wolowa pa 1 April ali na miyezi 9, ndiye masiku 18. Wolowa pa 1 July ali na miyezi 6, masiku 12. Wolowa pa 1 October ali na miyezi 3, masiku 6. January akafika, masiku amenewo amakhala olembedwa pa dzina lanu ndipo atsopano amapitiliza kuwonjezeka. Nthawi imene mungayambe kuwatenga ni nkhani ina: makontrakiti ena amalola mukakwanitsa miyezi 6, ena amayembekezela miyezi 12 ya m'lamulo. Ndiye cinthu coyamba ni kutsegula kontrakiti yanu n'kupeza mzele wa livi. Ngati munalowa pakati pa mwezi, tinene pa 15 August, funsani mmene adzawelengela mwezi woyambawo, ndipo yankho ikhale yolembedwa, olo pa WhatsApp cabe.

Mwina muti, "Ine kontrakiti nilibe." Lamulo lomweli likamba kuti ngati mwalembedwa nchito ya miyezi 6 kapena kupitilila, pangano lanu lifunika kukhala lolembedwa. Limaletsanso kusunga munthu monga kajuwo pa nchito imene ni yokhalitsa. Izi n'zofunika cifukwa livi ya pa caka siipatsidwa kwa kajuwo kapena wanchito wongogwilizila, ndipo abwana ena amadziwa zimenezi bwino kwambili. Mukaona kuti mwatha miyezi isanu na itatu pa kauntala imodzimodzi koma akali kukuitanani kajuwo, dziwani kuti dzinalo likuwasungila ndalama. N'cimodzimodzi na probation. Lamulo limaika miyezi itatu, ndipo ingawonjezeledwe na ina itatu cabe. M'miyezi imeneyo mumakhala mukusewenzela bwana yemweyo tsiku na tsiku, conco wina akafuna kuicotsa pa kawelengedwe kanu, mupempheni akuonetseni pamene zinalembedwa.

Tsopano tifike pa ndalama, cifukwa apa m'pamene ambili timagona. Lamulo lili na masamu ake osinthila masiku a livi kukhala ndalama. Mumatenga malipilo anu onse a pa mwezi, kuwilikiza na masiku a livi amene mwaunjika, n'kugawa na 26. Namba 26 ni masiku a nchito pa mwezi kwa munthu wosewenza masiku 6 pa wiki. Tiyelekeze kuti mlongo uja amalandila K3,900 pa mwezi. Kugawa na 26 tipeza K150 pa tsiku. Masiku 12 a July mpaka December ni K1,800. Caka cathunthu, masiku 24, ni K3,600. Kwa munthu wokhala m'kacipinda kamodzi ku Chawama kapena ku Mtendere, imeneyo ni lendi ya miyezi ingapo. Ndipo lamulo linalemba za malipilo onse, kuphatikizapo ma allowance, osati basic cabe.

Ine izi n'naziphunzila mowawa. Nikalibe kuyamba kudzipeleka pa wailesi, n'nasewenzako pa shopu ina yogulitsa zipangizo zomangila nyumba. N'nalowa mu May, n'nacoka patapita caka na miyezi 8. Kontrakiti yanga inali kukamba momveka kuti masiku awili mwezi uliwonse kucokela tsiku lolowa, koma n'naiika pansi pa matilesi osaiwelenganso. Livi sin'natengeko olo tsiku limodzi, cifukwa nthawi zonse kunali kubwela simenti kapena malata. Tsiku locoka ananipatsa malipilo a mwezi umenewo na pepala yakuti nisaine kuti nalandila zanga zonse. N'nasaina, n'kuwathokoza, n'kugwila mwendo. Patapita nthawi, m'bale wanga wina amene amasunga mabuku a ndalama ananikhazika pansi n'kutenga bolopeni. Miyezi 20 kuwilikiza kawili ni masiku 40. Malipilo anga anali K2,600, ndiye K100 pa tsiku. N'nasiya K4,000 pa tebulo ya abwana, ine n'kukwela minibasi nili wokondwa. Akulu anati safunsa anadya phula, ndipo ine n'nadya lambili.

Cimene sin'nali kudziwa n'cakuti lamulo likamba kuti kontrakiti ikatha kapena ikadulidwa, bwana afunika kulipila masiku onse a livi amene wanchito anaunjika. Likambanso kuti ngati miyezi 12 yatha ndipo bwana sanakupatseni livi, kapena anakupatsani yocepa, afunika kukulipilani masiku otsalawo. Conco mau akuti "masiku anu anapsa cifukwa simunawatenge" musawalandile msanga, maka-maka ngati ndimwe munali kupempha iwo n'kumakana.

Palinso tumisampha tung'ono-tung'ono. Livi ya pa caka ni yowonjezela pa maholide a boma na tsiku lanu lopumula pa wiki. Mukatenga livi wiki imene muli 24 October, tsiku la ufulu wa dziko, tsikulo silicotsedwa pa masiku anu. N'cimodzimodzi na 25 December, 12 March kapena 1 May. Maliro a mwamuna kapena mkazi wanu, kholo, mwana kapena munthu amene mumasunga ali na livi yake-yake, masiku osacepela 12 pa caka. Alongo athu ali na tsiku limodzi mwezi uliwonse, lija timati Mother's Day, popanda kupeleka pepala ya ku cipatala. Zonsezi siziyenela kudya masiku anu 24. Koma ngati simusunga ciwelengelo, mudzangomva kuti "munapita ku maliro mu March, ndiye zinathela pamenepo."

Nidziwa zimene abwana angakambe, ndipo zina n'zomveka. Mwini shopu ya anchito atatu sangalole onse kupita ku mudzi mu December, nthawi imene malonda amayenda kwambili. Ameneyo ali na mfundo. Kukhala na masiku a livi sikutanthauza kuti mungacoke tsiku lililonse limene mwafuna. Ndiye cifukwa cake lamulo likamba kuti kuciyambi kwa caka ciliconse, bwana akambilane na anchito n'kukonza ndandanda ya amene adzapita liti. Vuto la ife olowa pakati pa caka n'lakuti ndandandayo timaipeza yatha kale, ndipo palibe amatikumbukila. Apa nipempha olemba anchito zinthu ziwili zimene sizidula ngwee olo imodzi. Munthu watsopano akalowa, muuzeni tsiku limene adzayamba kutenga livi ndipo muikeni pa ndandanda. Caciwili, pa payslip pamene mumaonetsa za NAPSA na NHIMA, onjezelani kamzele kamodzi koonetsa masiku a livi amene aunjika. Makampani ena amacita kale zimenezi, ndipo kumeneko mikangano ya pa tsiku locoka imacepa.

Nidziwanso mantha amene tili nao. Nchito n'zosowa, ndipo kumbuyo kwanu kuli anthu ambili onyamula ma CV. Wina angati kufunsa za livi mwezi woyamba n'kudzionetsa monga waulesi. Koma kufunsa kuli na kafunsidwe. Simufunika kupita na lamulo m'manja monga loya. Mungangoti: "Ba madam, nifuna cabe nimvetsetse, popeza nalowa mu July, masiku anga muwelenga bwanji?" Bwana wabwino adzakuyankhani mosavuta. Amene adzakwiya na funso laulemu ngati limeneli wakuonetsani kale mmene tsiku lanu lotsiliza lidzakhalila, ndipo ni bwino kudziwilatu.

Zimene ningakupempheni n'zocepa. Lembani tsiku limene munalowa nchito, ndipo jambulani kontrakiti yanu pa foni. Kumapeto kwa mwezi uliwonse onjezelani masiku awili m'kabuku kanu, n'kucotsa amene mwatenga. Popempha livi, lembani, ndipo sungani yankho. Tsiku locoka musasaine pepala yakuti mwalandila zonse musanaone mzele wa livi na masamu ake. Mukalephela kumvana, ofesi ya Labour ya m'boma lanu, pansi pa unduna wa Labour and Social Security, imalandila madandaulo otele, ndipo ngati muli mu union yambilani kumeneko. Kulikonse kumene mungapite, cinthu coyamba cimene adzakufunsani ni tsiku limene munalowa na umboni wake.

Mlongo uja anatumanso meseji mu January. Anapeza kontrakiti yake, ndipo inali kukamba za masiku awili mwezi uliwonse kucokela tsiku lolowa, otengedwa akakwanitsa caka. Ku cikwati ca ku Katete anangopita pa Ciwelu n'kubwelako pa Sondo usiku, zimene zinamuwawa ndithu. Koma anakaonetsa abwana mzelewo mwaulemu, ndipo masiku ake 12 analembedwa m'buku. Pa 1 July adzakhala na 24, ndipo akuti wauza kale amai ake kuti adzabwela nthawi yokolola ikatha, akakhale nao mawiki awili.