Tisathamangire kugula giyabokosi ina

Mwa makalata amene mwatilembera masiku apitawa, angapo ochokera ku Chileka ndi ku Lirangwe akudandaula chinthu chimodzi, ndicho galimoto za pikapu zosintha zokha magiya, zimene ambirife timangoti za otomatiki. Wina akuti ya mpingo wao yakhala pamiyala chiyambire dzinja. Wina akuti adasonkherana ndalama ndi kugula giyabokosi ina, koma siidathe ndi miyezi itatu yomwe. M'malo moyankha aliyense payekha, ndaganiza zoikapo mlomo pano kuti ndi ena omwe amve.

Mwina ena afunsa kuti kodi nkhani ya m'galaja ikufunanji pa tsamba lino. Abale anga, kumudzi pikapu si galimoto yonyadira. Ndiyo imene imanyamula wodwala pakati pa usiku kupita naye ku Mlambe kapena ku Queen Elizabeth, ndiyo imanyamula bokosi la maliro, nandolo wa kumsika ku Lunzu, simenti yomangira tchalitchi, ndiponso abusa kapena bambo mfumu popita ku nthambi za kutali. Ikaonongeka, ndalama yokonzera imachokera m'mbale ya chopereka ndi m'thumba la amayi ogulitsa zitumbuwa. Ndalama yotere siyenera kumwazidwa chifukwa cha mau a munthu mmodzi amene wangomvetsera kulira kwa galimoto n'kunena kuti giyabokosi yafa.

Kale pikapu zambiri za m'midzi zidali za kalachi, ndipo makaniko wa pansi pa mtengo ankazidziwa ngati chikhatho chake. Koma chiyambire kubwera kwa galimoto zogwirapo kale ntchito za ku Japan, zodzera ku Dar es Salaam ndi ku Durban, za otomatiki zachuluka. Galimotozo zidafika, koma nzeru ya kasamalidwe kake idatsala pa doko.

Chofunika kudziwa ndi ichi: m'giyabokosi ya otomatiki, oyilo ndiye mwini ntchito. Sangofewetsa zitsulo ayi. Ndiye amatenga mphamvu ya injini kudzera m'chimbale chija amati konveta, ndiye amafinya timbale ta kalachi ta m'kati kuti giya ilowe, ndiponso ndiye amaziziritsa zonsezo. Mdani wake wamkulu ndi kutentha. Tsono taganizirani pikapu imene idapangidwa kuti inyamule tani imodzi, omwe ndi matumba 20 a makilogalamu 50, ife taikamo matumba 30 ndi anthu pamwamba, mwezi wa October dzuwa likuswa mtengo ku Lirangwe, kenaka ikwere chitunda chonse chochokera ku Lunzu kukafika ku Kameza ndi ku Chirimba. Oyilo amapsa, timbale timaterereka, ndipo fumbi lake limatseka sefa. Nthawi ya mvula nayo ili ndi zake. Galimoto ikatitimira m'matope pa mseu wa ku Chingale kapena wa ku Mpatamanga, madalaivala ena amaikankhira pa D ndi pa R mobwerezabwereza phazi lili pa moto. Mphindi zochepa zotero zimadya moyo wa giyabokosi kuposa ulendo wa ku Lilongwe.

Galimoto siifa mosatsanzika. Imayamba yachedwa kulowa giya m'mawa, makamaka yobwerera m'mbuyo. Kenaka injini imalira kwambiri pa chitunda koma liwiro osaoneka, mwina kunjenjemera ngati ikudutsa pa mseu wa mabampu pamene ili pa phula, mwina kukakamira giya imodzi osasinthanso. Apa ndi pamene ndikupempha akuluampingo ndi eni galimoto kuti mtima ukhale m'malo, chifukwa zizindikiro zimenezi sizitanthauza kuti giyabokosi yonse yatha. Kawirikawiri vuto limakhala oyilo wochepa chifukwa cha kudontha, sefa yotsekeka, ka sensa kapena ka solenoid kamodzi kakufa, batire yofooka, ngakhalenso mawaya amene makoswe adya galimoto itagona pafupi ndi nkhokwe. Kukakamira giya imodzi kuja nthawi zambiri ndi kompyuta ya galimoto imene ikudziteteza itaona cholakwika, ndipo makaniko amene ali ndi kamakina kowerengera angathe kukuuzani chimene yaona asadamasule ndi bawuti imodzi yomwe.

Kuyeza oyilo sikulira sukulu. Galimoto iime pamalo osapendekeka, injini itenthe ndipo ikhale ikulira, giya ili pa P. Tulutsani kachitsulo koyezera ndi kupukutira pa pepala loyera. Oyilo wabwino amakhala wofiira ndi wosanunkha. Wakuda, wonunkha ngati ndiwo zopserera, akukuuzani kuti m'kati mwayamba kupsa. Akaoneka ngati mkaka wosakaniza ndi sobo, ndiye kuti mwalowa madzi, ndipo galimotoyo isayendenso mpaka itaonedwa. Madziwo amalowa powoloka mitsinje yodzaza, monga momwe zidachitikira galimoto zambiri pa namondwe wa Freddy mu March 2023, komanso rediyeta ikabooka m'kati, pakuti mpope woziziritsa oyiloyo umadutsa momwemo. Ku America galimoto za Nissan Frontier za pakati pa 2005 ndi 2010, zomwe ndi abale ake a Navara, zidatchuka ndi vuto la rediyetali. Pikapu zambiri za makono zilibe kachitsulo koyezera pafupi ndi injini, tsono zimenezo zimafuna makaniko alowe kunsi.

Chimene chimandipweteka mtima kwambiri ndi nkhani ya mtundu wa oyilo. Pali chizolowezi chonena kuti wofiira ndi wofiira basi. Si zoona. Ma Hilux akale a magiya anayi ambiri amamwa wa Dexron, Hilux ya magiya asanu ndi imodzi imene idayamba kutuluka mu 2015 imafuna wa Toyota WS, pamene Ford Ranger ya magiya asanu ndi imodzi yoyambira mu 2011 imafuna wa Mercon LV. Kuthira wolakwika, kapena wa m'zigubu zopanda chidindo zogulitsidwa m'mbali mwa mseu, kuli ngati kumwetsa mwana mankhwala a ng'ombe. Ndipo musanamizidwe kuti oyilo ameneyu sasinthidwa moyo wonse wa galimoto. Amakaniko odziwa amalangiza kuti yonyamula katundu m'dera lotentha ngati lathuli isinthidwe oyilo ndi sefa pakatha makilomita 40,000 kufikira 60,000.

Ndinenenso kwa achinyamata a mphamvu zao amene amathamangira kuthandiza galimoto ikazima: ya otomatiki siilira ndi kukankha. Ndipo kuikoka ndi chingwe kuchokera ku Lirangwe mpaka m'tauni matayala a m'mbuyo akugudubuzika ndiko kuimaliza, chifukwa pampu ya oyilo imayenda pokhapokha injini ikulira. Makaniko ayambe wamasula propshaft, apo ayi galimotoyo ikwezedwe pa lole.

Nanga ikafadi, titani? Yatsopano ya kwa eni ake a galimoto ilipo, koma kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu May 2022 ndi kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, ndi mipingo yowerengeka imene ingaifikire. Kumasula ndi kukonza yomweyo ndi njira yabwino ngati chigoba chake ndi magiya zili zamoyo, koma ntchito imeneyi imafuna malo aukhondo ndi munthu woiphunzira, pakuti kamchenga kamodzi kokha kamatseka tinjira ta oyilo. Si ntchito yogwirira pa fumbi, mphepo ikuomba.

Ambiri tsono amathera ku giyabokosi ya kaunjika, yochotsedwa ku galimoto ina, ndipo kuno ndi kumene misozi yachuluka. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Giyabokosi yotsukidwa bwino ndi petulo imawala, koma za m'kati mwake palibe amaziona. Pogula, nambala yolembedwa pa chigoba chake ifanane ndi ya yanu, chifukwa ya galimoto ya dizilo ndi ya petulo, kapena yokoka matayala awiri ndi yokoka anayi, zimaoneka zofanana koma sizilowana. Uzani wogulitsa atsegule chibeseni cha kunsi inu mukuona. Mukapezamo tizitsulo tonyezimira kapena matope akuda, bwererani ndi ndalama yanu. Ibwere ndi konveta yake, ndipo poimanga makaniko atsuke mipope yonse yopita ku rediyeta, apo ayi zinyalala za yakufayo zidzalowa m'yatsopanoyo ndi kuiphanso. Ndikukhulupirira kuti ambiri mwa amene akuti yao idafa pa miyezi itatu adagwa m'mbuna imeneyi.

Koposa zonse, pasatuluke ndalama popanda pepala. Lisiti likhale ndi dzina la sitolo, nambala ya giyabokosiyo, ndi masiku amene wogulitsa walonjeza kuti ikavuta adzaisintha kapena kubweza ndalama. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza ogula la chaka cha 2003, ndipo kuli mabungwe a CAMA ndi Competition and Fair Trading Commission kumene munthu angakadandaule, koma kumeneko adzayamba akufunsani lisiti. Inu abusa ndi ansembe, musachite manyazi kufunsa pepala ngakhale makanikoyo ndi mkhristu wanu woimba kwaya. Ndipo pokagula asapite dalaivala yekha. Apite ndi msungichuma ndi munthu wina wodziwako za galimoto amene sakudyapo kanthu.

Ena amafunsa za kuchotsa otomatiki ndi kuikamo ya kalachi. Pa pikapu zakale zimatheka, ndipo kwa galimoto imene moyo wake wonse udzathera m'miseu ya fumbi ine sindingatsutse. Koma muwerengere bwino, chifukwa pamafunika zopondera, flywheel, kalachi, mwinanso propshaft ina, ndipo pa za makono kompyuta imakana. Mpingo umene ukuganiza zogula pikapu tsopano uyambe wafunsa kuti makaniko wapafupi amene angaikonze ali kuti. Ngati yankho ndi Ndirande kapena Limbe, makilomita ambirimbiri kuchokera pa tchalitchi, ya kalachi ndiyo ingakusungeni.

Pempho langa lipitenso kwa a TEVETA ndi sukulu za ntchito zamanja kuti akonze maphunziro afupiafupi a giyabokosi za otomatiki kwa amakaniko amene ali kale pa ntchito m'malo ngati Chileka, Lunzu, Lirangwe ndi Mdeka. Anthuwa luso ali nalo, chimene akusowa ndi wowaonetsa ndi zipangizo zoyezera. Ndipo inu amakaniko amene mukuona kuti ndakuponderani pa chala, tsamba lino ndi lanunso. Tilembereni, ndipo m'kalatamo mutiuzenso mtundu wa oyilo amene mumathira mu Hilux ndi amene mumathira mu Ranger.

Mkonzi