Zitsulo zoonjezera pa galimoto zili ndi malamulo ake

Nyengo yokolola ikafika, miseu yolowa mu Chipata imadzaza ndi magalimoto osenza katundu mpaka m'mwamba. Pa mseu wa Lundazi, wa Chadiza, wa Mfuwe ndi pa Great East Road timaona ma Canter amene mbali zake anazitalikitsa ndi zitsulo, maminibasi okhala ndi keriyala pa denga, ndi tumatrela towocherera m'komboni tikugwedezeka kumbuyo. Ambiri a ife takwerapo magalimoto otere popita kukagulitsa cimanga ku FRA, popita ku maliro kapena ku msonkhano wa parishi.

Sitikutsutsa mlimi amene afuna kufikitsa mbeu zake ku msika ndi ndalama zocepa, kapena mmisiri wowocherera amene nayenso afunika kudyetsa ana ake. Cimene tikukamba n'cakuti citsulo ciliconse cimene caikidwa pa galimoto itacoka kale ku fakitale cimakhudza moyo wa okweramo ndi wa oyenda m'mbali mwa mseu, ndipo lamulo limaciona motero.

Lamulo la Road Traffic Act la mu 2002 ndilo linakhazikitsa bungwe la RTSA. Bungweli limalembetsa magalimoto, limapereka white book ndiponso limapima ngati galimoto ili yoyenera kuyenda pa mseu, cimene timati fitinesi. M'caka comweco lamulo la Public Roads Act linakhazikitsa RDA, imene imapima kulemera kwa malole pa masikelo kuti miseu isaonongeke. Trela nayo iyenera kulembetsedwa, kukhala ndi nambala yake, magetsi ndi zonyezimira kumbuyo. Katundu ayenera kumangidwa zolimba, asabise nambala kapena magetsi, ndipo ngati watulukira kumbuyo, paikidwe nsalu yofiira yocenjeza obwera m'mbuyo.

Galimoto iliyonse ili ndi malire a katundu amene anaipangira. Yonyamula matani 2 ikwana matumba 40 a cimanga a makilo 50. Mwini wake akatalikitsa mbali zake n'kuikamo matumba 60, ndiye kuti waonjezera tani yathunthu, koma mabuleki, matayala ndi masipuling'i ndi omwe aja. Pa citunda galimoto yotere siima msanga. Komanso katundu akakwera kwambiri m'mwamba, galimoto imapepuka pansi, ndipo pa kona kapena pa dzenje imagubuduka mosavuta. Anthu amene akhala pamwamba pa matumbawo ndiwo amayamba kugwa.

Palinso nkhani ya inshuwalansi. Ngati galimoto inasinthidwa popanda kudziwitsa a RTSA ndi a kampani ya inshuwalansi, kapena inanyamula mopitirira malire, kampaniyo ingathe kukana kulipira ngozi ikacitika. Pamenepo mwini galimoto wataya cuma cake, mlimi wataya zokolola za caka conse, ndipo banja lolira lisowa pogwira.

Safunsa anadya phula. Tipempha eni magalimoto kuti asanapite kwa wowocherera ayambe afunsa ku ofesi ya RTSA mu Chipata zimene lamulo lilola. Alimi a m'makopaletivu, pocita hayala galimoto, funsani kuti imanyamula matani angati, ŵerengani matumba, ndipo onani ngati fitinesi ndi inshuwalansi zake zikali kugwira nchito. Kuli bwino kulipira maulendo awiri kusiyana ndi kutola cimanga m'ngalande. Atsogoleri a mipingo, pokonza maulendo a kwaya kapena a maliro, musalole kuti Akhristu akhale pamwamba pa katundu. Okwera njinga za kapalasa ndi zamoto, nanunso keriyala ili ndi malire ake, ndipo a ngolo za ng'ombe ikani zonyezimira ngati muyenda kutada.

Kwa a RTSA ndi apolisi a pa mseu tikuti: cilango cokha sicikwana. Fotokozani malamulowa m'Cinyanja pa Breeze FM ndi Radio Maria, ndipo kambiranani ndi amisiri owocherera nyengo yogulitsa mbeu isanayambe. Mlimi amene wavutika m'munda kuyambira mvula yoyamba ayenera kufika ku msika ndi matumba ake, n'kubwerera kwao wamoyo.