"Ndili bwino" wathuyu akutilanda PIP

Mwezi wathawu bambo ena a kumpingo kwathu, omwe ndimangowatcha malume ngakhale si achibale, anandipempha kuti ndikawajambulire fomu yawo ya PIP n'kuisunga pa kompyuta asanaitumize. Poti ndimagwira ntchito za makompyuta, anthu amaona ngati chilichonse cha mapepala n'changa. Ndinapita kwawo ku Harehills. Anachedwa kutsika masitepe, ndipo atatsegula chitseko anayamba atsamira khoma, ali wefuwefu, moni n'kubwera pambuyo. Anadwala chifuwa chachikulu ali ku Blantyre kalekale. Anachira, koma mapapo anatsala ndi zipsera, ndipo chaka chilichonse kukazizira amadwalanso.

Ndikujambula, maso anagwera pa mayankho. Pa funso la kusamba analemba kuti amakwanitsa. Pa kuphika, amakwanitsa. Pa kuyenda analemba kuti amayenda okha, n'kuwonjezera kuti Mulungu ndi wabwino.

Nditafunsa bwinobwino, zinapezeka kuti amasamba atakhala pampando chifukwa nthunzi imawabanikitsa, ndipo akatuluka m'bafa amayamba agona kaye asanavale. Mthiko anasiya kugwira. Malume sananame. Anayankha momwe tonse tinaleredwera: munthu ali gone pamphasa, ukamufunsa amati "ndiliko bwino pang'ono, kaya inu." Kumudzi yankho limeneli ndi ulemu, ndipo wofunsayo amaona yekha ndi maso ake. Fomu ilibe maso. Pantchito yanga timadziwa kuti makina amagwiritsa ntchito zomwe mwalowetsamo basi, ndipo fomu iyi imawerengedwa chimodzimodzi. Mukalemba kuti mumakwanitsa, mapointi ndi 0.

PIP, dzina lake lonse Personal Independence Payment, inayamba mu 2013 ndipo imaperekedwa ndi DWP. Sayang'ana dzina la matenda. Kaya ndi mphumu, COPD, bronchiectasis kapena mapapo oonongeka ndi TB, funso lawo ndi lakuti matendawo amakulepheretsani chiyani. Pali mbali ziwiri: ntchito 10 za tsiku ndi tsiku monga kuphika, kusamba ndi kuvala, ndi ziwiri za mayendedwe. Pa mbali iliyonse, mapointi 8 amapereka ndalama zocheperapo ndipo 12 amapereka zokwera. M'chaka cha 2025/26, mbali yoyamba inali £73.90 kapena £110.40 pa sabata, ndipo ya mayendedwe £29.20 kapena £77.05. Safunsa za malipiro anu kapena ndalama zomwe mwasunga, ndipo munthu wapantchito amaloledwa kulandira. Vuto liyenera kukhala litatha miyezi 3 ndipo likuyembekezeka kupitirira miyezi ina 9.

Chomwe ambiri mwa ife sitidziwa, komanso chomwe chimathandiza kwambiri odwala mapapo, ndi chakuti lamulo silifunsa ngati mungathe kuchita chinthu kamodzi. Limafunsa ngati mungachichite popanda kudziika pangozi, mochichita bwino, mobwereza nthawi zonse pamene chikufunika, komanso osatenga nthawi yoposa kawiri ya munthu wabwinobwino. Ngati chimodzi mwa zinayi chikukanika pa masiku oposa theka, pamaso pa lamulo ntchitoyo simuikwanitsa. Malume angathe kuyenda kukafika pokwerera basi, inde. Koma akaima katatu panjira, n'kulephera kubwerezanso tsiku lomwelo, zonsezo ziyenera kulembedwa. Mpando wosambirapo nawo umawerengedwa.

Pa mayendedwe pali malire amene ine ndimawaona kuti ndi ouma mtima. Kuti munthu apeze mapointi 12 pa kuyenda, ayenera kukhala wolephera kudutsa mamita 20, kutalika kwa mabasi awiri atandondozana. Pa thandizo lakale la DLA muyezo unkakhala pafupifupi mamita 50. Wodwala mapapo ali ndi miyendo yabwinobwino, ndipo mamita 20 angawadutse mokakamiza, kenako n'kukhala pansi mphindi zingapo akufunafuna mpweya. Akangoyankha kuti "ndimayenda", mphindi zimenezo zasowa. Mabungwe olankhulira anthu olumala akhala akudandaula za malire amenewa kuyambira pachiyambi, ndipo ife Amalawi a kuno sitiyenera kukhala chete ngati nkhaniyi si yathu.

Ndikudziwa zomwe ena amanena tikakumana: sitinabwere kuno kudzapempha. Ndimawamvetsa. Agogo athu ambiri anabwera kuchokera ku migodi ya ku Joni akutsokomola, n'kumwalira osadandaula kwa aliyense, ndipo tinakula tikuona ngati kupirira kotero ndiwo umuna. Koma ndalama izi ndi za takisi yopitira ku St James's tsiku limene simungakwere basi, ndi za hita yomwe wodwala mapapo sangaizimitse mu Januwale wa ku Leeds. Amene akukana chifukwa cha manyazi, katunduyo amangomutula pa mkazi wake kapena pa ana. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Chenjezo lalikulu ndi la viza. PIP ili m'gulu la public funds. Ngati chilolezo chanu chili ndi mawu akuti no recourse to public funds, monga zilili kwa abale athu ambiri omwe anabwera pa viza ya ntchito yosamalira okalamba, musaipemphe, chifukwa ikhoza kukuonongerani mapepala. Yambani mwayang'ana pa eVisa yanu, ndipo mukakayika funsani mlangizi wovomerezeka wa za mapepala. Amene ali ndi chilolezo chokhalitsa kapena unzika ndi omasuka, bola akhale atakhala m'dziko muno zaka 2 mwa 3 zapitazi.

Kwa oyenerera, imbani foni msanga, chifukwa ndalama zimawerengedwa kuyambira tsiku limene mwayamba pempho. Fomu ikafika muli ndi mwezi umodzi, ndipo mungapemphe masiku oonjezera. Lembani m'kope kwa sabata imodzi kapena ziwiri momwe tsiku lililonse layendera. Phatikizani makalata a dokotala, zotsatira za kuyeza mapapo ndi mndandanda wa mankhwala. Pokafunsidwa mafunso, tengani munthu amene amakuonani kunyumba. Citizens Advice Leeds ndi Welfare Rights Unit ya Leeds City Council amathandiza kwaulere, ndipo Asthma + Lung UK ili ndi malangizo a odwala mapapo. Akakukanani, pemphani mandatory reconsideration mwezi usanathe, ndipo zikakanikanso pitani ku tribunal. Kumeneko, pa milandu ya PIP yomwe imafika pomvedwa, yoposa theka imakomera wodandaula.

Malume tinayambiranso fomu yawo tsiku lomwelo, ndipo inatitengera madzulo atatu. Povuta kwambiri panali pa funso la kuchimbudzi. Anandiuza kuti ndituluke kaye, aitane mayi a kunyumba, alembe awiriwiri. Yankho silinabwerebe.