Wolemba za Naruto pa Njewa sakutaya nthawi

Mumsewu wa ku Mchinji, kuchokera pa Njewa kudutsa pa Mpingu ndi Msundwe mpaka kukafika pa Namitete, n'zovuta kupeza malo amalonda opanda kanyumba kobenera nyimbo ndi mafilimu. Panja pamakhala sipika ikukuwa, mkati muli kompyuta yotopa ndi fumbi, ndipo mnyamata mmodzi amakhala akudzaza mamemori khadi a anthu. Kwa zaka zambiri katundu woyenda malonda anali mafilimu a ku Nigeria, a ku India ndi a karate omasuliridwa m'Chichewa. Masiku ano pamndandandapo pawonjezereka makatuni a ku Japan, aja eni ake amati anime: Naruto, Dragon Ball Z, One Piece, Attack on Titan.

Ambiri amaonera n'kuiwala. Koma pali kagulu kochepa, ena a Fomu 3, ena ongomaliza kumene sukulu amene akudikira mwayi wa ntchito, kamene kakaonera kamatenga foni n'kulemba. Amalemba ndime zitalizitali pa Facebook kapena m'magulu a WhatsApp, kufunsa ngati mudzi wa Konoha unachita chilungamo posala Naruto, mwana wamasiye, chifukwa cha chilombo chimene akuluakulu anachitsekera m'thupi mwake iye ali khanda. Akulu akaona zimenezi chigamulo chawo n'chachidule: "Munthu wandevu zake kumalimbana ndi zidole?" Abusa ena amawonjezera kuti n'zausatana.

Chigamulo chimenechi n'cholakwa, ndipo kulakwa kwake kukuluzitsa dziko. Achinyamatawa akuchita ntchito imene zaluso za ku Malawi zikuisowa kwambiri: kuonera chinthu mofatsa, kuchisanthula, n'kunena poyera chimene chayenda ndi chimene chaphotchoka, ndi zifukwa zake.

Zoti makatuni ndi a ana okha, wonena zimenezo aonere kaye Grave of the Fireflies, filimu imene Isao Takahata wa ku Studio Ghibli anatulutsa mu 1988. Nkhani yake ikuchitikira ku Kobe mu 1945. Mabomba apsereza mzinda, mayi amwalira ndi mabala amoto, bambo ali kunkhondo yapanyanja. Mnyamata Seita ndi kamlongo kake Setsuko, ka zaka 4, apita kukakhala kwa azakhali awo. Chakudya chikamachepa, azakhali aja ayamba kuwawerengera mpunga m'mbale ndi kuwanena kuti ndi alesi. Seita apsa mtima, atenga mlongo wake n'kukakhala m'phanga lobisalamo mabomba m'mbali mwa dziwe. Kumeneko ayamba kuba m'minda ya anthu, agwidwa, amenyedwa. Setsuko afika poumba timibulu tadothi n'kumati ndi chakudya. Onse awiri afa.

Roger Ebert, wounika mafilimu wotchuka wa ku Chicago, anaika filimuyi m'gulu la mafilimu apamwamba kwambiri, ndipo analemba bwino. Koma Ebert sanakhalepo m'mudzi wa kwa Kabudula mu Febuluwale wa 2002, pamene anthu ankadya gaga ndi zitsa za nthochi, pamene wogwidwa ndi chimanga chachiwisi cha mwini ankamenyedwa mpaka kulumala, pamene mabanja ankathamangitsa ana a abale chifukwa mphika sunkakwanira. Funso limene owonera a ku Japan akhala akukanganirana, loti wolakwa ndani pakati pa azakhali ouma mtima ndi mnyamata wodzikonda amene anakana kudzichepetsa, kuno si funso la m'kalasi. Pali amayi kwa Kabudula, ku Nsaru ndi ku Nambuma amene anakhalapo azakhali ajawo, ndipo akudziwa chimene chimachitika mumtima pamene ukugawa nsima ya ana atatu kwa ana asanu ndi awiri. Mwana wa mayi wotereyo akalemba za filimuyi, angathe kunena zimene Chicago ndi Tokyo sizinganene. Kumuuza kuti asiye zibwana n'kutaya ndemanga imene ikanalembedwa kuno kokha.

Chimodzimodzi ndi Vinland Saga ya Makoto Yukimura. Gawo loyamba linali la malupanga ndi magazi. Gawo lachiwiri, lomwe linatuluka mu 2023, likupeza mpangankhani wamkulu, Thorfinn, ali kapolo pamunda wa mwinimalo wina dzina lake Ketil ku Denmark. Thorfinn ndi mnzake Einar alonjezedwa kuti akagwetsa nkhalango, kuzula zitsa, kulima tirigu n'kumugulitsa kwa bwana yemweyo, adzadziombola. Owonera ambiri a kunja ananyinyirika kuti nkhondo yatha, kwatsala ulimi basi. Mnyamata amene bambo ake anali tenanti pa esiteti ya fodya ku Kasungu kapena ku Mchinji sangatope ndi gawo limenelo. Amadziwa za chimanga chotenga pangongole m'miyezi yanjala, za bwana wokoma pakamwa amene ndiyenso amasunga buku la ngongole, za kapitawo wankhanza kuposa mwini munda, ndi za tsiku lowerengera pamene thukuta la chaka chonse limathera m'kuchotsera. Iyeyu ndiye woyenera kuweruza ngati Yukimura anamvetsa ukapolo kapena anangoukongoletsa.

Ndiye pali Yasuke. Ameneyu anali munthu weniweni, Mwafirika amene anafika ku Japan mu 1579 pamodzi ndi wansembe wa Chijezwiti Alessandro Valignano, n'kukatumikira mtsogoleri wankhondo Oda Nobunaga mpaka imfa ya Nobunaga mu 1582. Zolemba zina zakale zimati anachokera ku Mozambique, ndipo alipo amene amaganiza kuti anali Mmakua kapena Myao. Mu 2021 Netflix inatulutsa anime ya dzina lake, yotsogoleredwa ndi LeSean Thomas wa ku America ndi kujambulidwa ndi kampani ya MAPPA. Munalowa maloboti ndi amatsenga, koma za kwawo kwa munthuyo munalibe zogwirika. Anthu a ku America ndi ku Japan anakangana nazo mpaka kutopa. Oyandikana ndi kwawo kwa Yasuke, a ku Mangochi, Lichinga ndi Tete, mawu awo sanamveke m'mkanganowo.

Chifukwa chake sichovuta kuchipeza. Dziko lino linaphunzitsidwa kuopa ndemanga. Lamulo la 1968 lokhazikitsa bungwe lounika ndi kuletsa mabuku, mafilimu ndi zisudzo linapangitsa kuti kuunika zaluso ikhale ntchito ya boma, ndipo funso linali limodzi: chiloledwe kapena chiletsedwe? Jack Mapanje, mmodzi mwa oyambitsa gulu la alembi la pa Chancellor College, buku lake la ndakatulo linachotsedwa m'masitolo ndi m'sukulu, iye n'kutsekeredwa ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu. Wailesi yakanema ya dziko lino inayamba mu 1999, pamene Zambia inali itakhala nayo kwa zaka zoposa 30. M'badwo wathunthu unakula ukudziwa kuombera m'manja kapena kukhala chete. Steve Chimombo anayesetsa ndi magazini yake ya WASI kuti pakhale malo okambirana zaluso mozama, koma ntchito yotere sinapeze olowa m'malo okwanira.

Zotsatira zake zikuoneka lero. Woimba akatulutsa chimbale, nkhani yake imakhala ya tsiku lokhazikitsa, mtengo wapakhomo ndi oimba amene adzatenthetse nsanja. Wina akayerekeza kunena kuti nyimbo zitatu mwa khumi n'zofanana, yankho limabwera msanga: nsanje. Joyce Mhango Chavula anapata mphoto ya Africa Magic mu 2016 ndi filimu yake ya Lilongwe, Shemu Joyah anachitanso chimodzimodzi mu 2018 ndi The Road to Sunrise. Dziko linasangalala, ndipo kunali koyenera. Koma amene angaloze ndemanga ya m'Chichewa yosanthula mafilimu awiriwa, mmene anawajambulira, mmene ampangankhani akusinthira, pamene nkhani yafooka, ndi ochepa zedi. The Boy Who Harnessed the Wind itatuluka mu 2019, Amalawi anadzuka n'kulankhula, makamaka za Chichewa chopindika cha Chiwetel Ejiofor ndi anzake. Dandaulo linali lomveka. Kungoti linathera m'nthabwala, pomwe filimu yonena za William Kamkwamba ndi njala ya ku Wimbe inali ndi zambiri zofunika kuzifunsa, monga mmene inaonetsera gule wamkulu ndi mafumu.

Anime ili ndi ubwino umodzi pamenepa: Masashi Kishimoto, mlembi wa Naruto, si mlamu wa munthu aliyense pa Mpingu. Sadzakumana ndi wolembayo pamaliro. Mnyamata angathe kunena kuti nkhondo yomaliza ya mu Naruto anaikoka mopitirira, kapena kuti akazi a m'nkhaniyo anawalemba mwaulesi, popanda woti amutche wansanje kapena wotumidwa. Ndi pamtsetse pophunzirira njinga. Amene wazolowera kupereka zifukwa pa za ku Japan, tsiku lina adzazipereka pa sewero la pa wailesi kapena pa filimu ya ku Lilongwe.

A ku Japan eni akewo akudziwa kumene luso lawo limachokera. Comiket, msika waukulu wa mabuku olembedwa ndi okonda makatuni, unayamba ku Tokyo mu Disembala 1975, ndipo anauyambitsa ndi kagulu ka achinyamata olemba ndemanga, mmodzi mwa iwo Yoshihiro Yonezawa. Tsiku loyamba kunabwera anthu pafupifupi 700. Mu Disembala 2019 chiwerengero chinafika 750,000 m'masiku anayi. Gulu la amayi ojambula la CLAMP linayambira m'mabuku oterewa. Hideaki Anno, amene anadzapanga Neon Genesis Evangelion, anayamba kudziwika mu 1981 ndi kafilimu kakafupi kamene iye ndi anzake a pakoleji anajambulira msonkhano wa okonda nkhani zopeka zasayansi ku Osaka. Kufupi kuno, Malenga Mulendema wa ku Zambia anakula akuonera makatuni a kunja n'kumadabwa kuti bwanji mulibe ngwazi zofanana naye. Yankho lake ndi Supa Team 4, nkhani ya atsikana anayi a mu Lusaka, imene Netflix inayamba kuonetsa mu 2023.

Nkhawa za makolo si zonse zopanda pake. Mwana amene akufuna kutsiriza One Piece, yomwe yaposa magawo 1,000, m'chaka cha mayeso a MSCE, ayenera kulandidwa foni. Ndipo anime ina ndi yosayenera ana ngakhale pang'ono: muli kudulana mitu, muli zolaula, muli atsikana ojambulidwa mochititsa manyazi. Komatu apa ndi pamene wolemba ndemanga akufunikira kwambiri. Mayi wa ku Nsaru akasuzumira pafoni n'kuona zojambula, amati mwana akuonera zaana, osadziwa kuti Doraemon ndi Attack on Titan zasiyana kutalitali. Wobena mafilimu samufunsa mwanayo zaka. Wa vidiyo sho amangofuna khomo lidzaze. Amene angauze kholo m'chinenero chake kuti iyi ndi ya aliyense, iyi ndi ya akuluakulu, ndi mnyamata yemwe uja akumutcha wazidole.

Nawonso olembawo asadzimve msanga. Zambiri zimene zimalembedwa si ndemanga ayi, ndi mkangano wa pabawo: Goku angamenye Saitama? Ena amangotenga maganizo a pa YouTube, kuwatembenuza pang'ono n'kusainira dzina lawo, mpaka nthabwala za ku America zimene iwo eni sakuzimvetsa. Choipitsitsa n'choti pafupifupi onse amathamangira Chingerezi, ngati kuti Chichewa sichingathe kunyamula nkhani ya Eren Yeager wa mu Attack on Titan, mnyamata wozunzidwa amene anasanduka wopha mitundu. Ma DJ omasulira mafilimu anatsutsa kale bodza limenelo. Zoona, amanama, amapatsa anthu a ku Hong Kong mayina a pa Msundwe, amalowetsa nthabwala pamaliro. Koma anasonyeza kuti anthu amalipira kuti amve filimu ikufotokozedwa m'chinenero chawo. Chotsala n'choti wina achite zomwezo polemba, mosanama.

Zida zake zili kale m'kalasi. Wophunzira aliyense wa Chichewa ku sekondale amaphunzitsidwa kusanthula ampangankhani, malo ndi nthawi, tsatanetsatane wa nkhani ndi mfundo zazikulu. Ambiri amangoloweza zimene aphunzitsi alemba pabolodi za Nthondo ya S.J. Nthara, n'kukazitula m'mayeso. Mphunzitsi wa pa sukulu yoyendera ya kwa Njewa atati lero aliyense alembe masamba awiri kufananiza ubwana wa Nthondo ndi wa Naruto, ana awiri ovuta amene midzi yawo inatopa nawo, angadabwe kuona kuti ogona kumbuyo aja ali ndi zonena. Ku Chitedze, kumene ana ambiri amakulira pafupi ndi minda ya kafukufuku, Silver Spoon ya Hiromu Arakawa ingagwire ntchito yomweyo: ndi nkhani ya sukulu ya zaulimi ku Hokkaido, yolembedwa ndi mayi amene anakulira pafamu ya ng'ombe zamkaka, ndipo muli mnyamata wa m'tauni amene akulera kankhumba akudziwa kuti kadzaphedwa.

Akonzi a masamba a Chichewa monga Tamvani ndi Tikambe ali ndi mbali yawo. Theka la tsamba pa sabata ndi lokwanira: ndemanga imodzi ya mawu 400, sabata ino ya anime, sabata yamawa ya filimu ya ku Malawi, yolembedwa ndi owerenga, yokonzedwa mosanyengerera, ndipo wolembayo alipidwe ngakhale ndalama ya bandulo. Lamulo likhale limodzi, loti woyamikira ndi wodzudzula onse apereke zifukwa zochokera m'filimumo. Oimba ndi opanga mafilimu ena adzakwiya ikadzafika sabata yawo, ndipo mkonzi adzayenera kuimira kumbuyo wolemba wake wa ku Namitete pamene mafoni ayamba kulira.