Mphaka wathu watuluka nkhanambo m'makutu

Agogo,

Tili ndi mphaka amene amatilondera nkhokwe ndi mbatata ya kachewere. Chibwerereni iyeyu, makoswe adasamuka. Koma mwezi uno watuluka nkhanambo m'mphepete mwa makutu, ubweya ukuthothoka ndipo akungokhalira kudzikanda. Bambo a kunyumba akuti timupake oyilo wakuda kapena dibi wa ng'ombe, zikakanika tikamutaye. Mwana wanga wamng'ono amagona naye. Kodi nditani?

Mayi wodandaula,
Tsangano, Ntcheu.

Zikomo mayi,

Choyamba, auzeni bambowo kuti asayerekeze. Mphaka amadzinyambita thupi lonse, ndiye chimene mwamupaka ndi chimene wadya. Oyilo, palafini, dibi ngakhale mankhwala othira m'chimanga akhoza kumupha. Panado ndiye poizoni weniweni kwa mphaka, olo kachidutswa.

Tsono mugwireni masana muone bwino makutuwo. Ngati nkhanambozo ndi zokhuthala, zotuwa, ndipo zikufalikira kumaso ndi m'khosi, zikuoneka kuti ndi mphere. Mukaona timadontho takuda tokakamira pamodzi, umenewo ndi utitiri wa nkhuku, ndipo mufunika kuyeretsanso khola. Malo ozungulira opanda ubweya ndi chipere. Nthawi zina amangokhala mabala a ndewu za usiku ndi amphaka anzake.

Ngati makutu ake ndi oyera, ganiziraninso dzuwa. Ku Tsangano kumazizira inde, koma dzuwa la kumapiri limawotcha khungu, ndipo chilonda chosapola pakhutu loyera chimatha kusanduka khansa.

Chimene chandidetsa nkhawa ine ndi mwanayo. Chipere chimapatsirana kuchoka kwa mphaka kupita kwa munthu, mpherenso imasiya zidzolo zoyabwa. Kuyambira lero asagonenso limodzi. Chapani zofunda, muziyanike padzuwa, ndipo aliyense wogwira mphakayo asambe m'manja ndi sopo. Mwana akatuluka zidzolo, thamangirani naye kuchipatala.

Mphakayo mupite naye kwa alangizi a ziweto ku ofesi ya zaulimi ya kwanuko. Mphere ndi utitiri zimachizika ndi mankhwala oyenera amphaka. Mukafikako mufunsenso za katemera wa chiwewe, poti nyama yoyenda usiku imakumana ndi zambiri.

Zomutaya iwalani. Wantchito wosalandira malipiro ngati ameneyu sitimuthamangitsa chifukwa wadwala. Mukamutaya lero, pofika mwezi wa mawa makoswe adzakhala atachita ukwati m'nkhokwe mwanu.

Ndine Agogo anu.