Nyumba sagula pa foni

Abale anga, makamaka inu a ku Blantyre, ku Lilongwe ndi ku Joni, lero ndiyankhula ndipo ena mundikwiyira. Kwiyani, bola mumve.

Mwezi uno pakhomo panga tikugona anthu 11. Pabalaza pakugona mayi ndi ana ake atatu, pomwe nyumba yawo ilipo, ya malata, njerwa zootcha, pansi simenti, yotseka ndi loko. Mayiyu ndi mkazi wa mwana wa achemwali anga. Mnyamatayo ali ku Joni, wavutika zaka zambiri m'magalaundi a azungu kusunga ndalama. Chaka chatha dobadoba wina anamutumizira zithunzi pa WhatsApp: nyumba yokongola, kufupi ndi msewu, mtengo wabwino. Anatumiza ndalama. Ine amalume ake ndinamva zonse zitatha, pondiitana kuti ndikaone nyumba.

Akuba alowamo katatu. Koyamba anatenga sola ndi batire. Kachiwiri njinga ndi matumba a chimanga. Kachitatu anaboola khoma mayi ndi ana ali m'katimo, n'kumuuza kuti akakuwa aona. Kuyambira usiku umenewo mwana wamng'onoyo akangomva galu kuuwa amadzikodzera. Mwini wake woyamba uja anagulitsa chifukwa cha zomwezi. Mudzi wonse umadziwa. Wosadziwa anali wogula yekha.

Ndiye ndikufunseni inu ogula nyumba pa foni. Mbuzi yomwe, pamsika, mumaigwira, mumaiona mano, mumafunsa kalata ya amfumu kuti si yakuba. Mkazi musanakwatire mumatuma ankhoswe akafufuze mtundu wake. Nanga nyumba yomwe mugonekemo ana anu mukugula bwanji ngati mayunitsi? Chithunzi chimaonetsa khoma ndi penti. Sichionetsa kuti kuseri kuli njira yachidule yomwe anthu amadutsa 2 koloko usiku. Sichionetsa kuti nyumba yachitatu kuchoka pamenepo amagulitsa kachasu mpaka mbandakucha. Dobadoba nayenso sangakuuzeni, iye amadya pokhapokha nyumba ikagulidwa.

Kaya mukufuna malo kuno ku Nselema, ku Ntaja, ku Nsanama, pa Liwonde kapena kutsidya kwa Shire ku Balaka, bwerani nokha. Ngati simungathe, tumani m'bale amene sadyapo kanthu. Ndipo musabwere masana okha. Gonani masiku awiri kapena atatu, limodzi likhale tsiku la msika, chifukwa tsiku limenelo ndi pomwe pamadzaza alendo ndipo ndalama zimayenda. Usiku tcherani khutu. Agalu akuuwa mbali iti? Njinga zamoto zikuima pati?

Kenako funsani, koma dziwani ofunsa. Amayi a pamjigo amadziwa nyumba iliyonse yomwe inathyoledwa chaka chino. Anyamata a kabaza amadziwa malo omwe iwo eni amakana kupitako dzuwa likalowa. Akakuuzani kuti kumeneko usiku sitipita, musafunsenso zambiri. Madala omwe amalawirira kumzikiti kukadali mdima amakumana ndi anthu obwerera kuchokera kosadziwika. Wapachigayo amadziwa amene amabwera ndi chimanga pomwe sanalime. Pitaninso kupolisi ya pa Nselema mukafunse za dera limenelo, ndi ufulu wanu. Koma kumbukirani kuti m'buku la apolisi mumalowa zokhazo zomwe anthu akanena. Nkhani za nkhuku, mbuzi ndi nandolo wakumunda zambiri zimathera pabwalo la amfumu, zina zimathera mumtima. Choncho mukaonenso amfumu ndi a komiti ya chitetezo cha m'mudzi, ndipo muwafunse funso limodzi ili: munthu akakuwa usiku muno, anthu amatuluka? Yankho la funso limeneli ndi lofunika kuposa mpanda.

Mufunsenso za nyengo. Inu mumabwera pa Khirisimasi kapena pa Eid, kapena mu Juni anthu atakolola, aliyense wakhuta, mudzi uli phee. Funsani za Febuluwale, nkhokwe zitatha, chimanga chachiwisi chikubedwa m'munda ndipo mbuzi tikugona nazo m'nyumba. Funsani pomwe madzi anafika nthawi ya namondwe Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023. Madzi nawo ndi wakuba, amatenga nyumba yonse.

Pali wakuba wina amene sathyola chitseko: wogulitsa malo omwe si ake. Kuno kwathu ambiri ndife a chikamwini. Malo ndi a mbumba. Mwamuna wobwera kudzakwatira akhoza kumanga nyumba yabwino, koma dothi lomwe yakhalapo ndi la akazi ake ndi abale awo. Iye akakugulitsani yekha, mwini mbumba osadziwa, mawa mudzapeza anthu khumi pakhonde akuti malo a agogo athu awa. Lamulo la malo a mafumu la 2016 linakhazikitsa makomiti oona za malo pansi pa magulupu, choncho musamalize nkhani ndi munthu mmodzi kuseri kwa golosale. Pakhale amfumu, mwini mbumba, anansi a mbali zonse oloza malire, ndi pepala losainidwa mboni zikuona.

Ndikudziwa zomwe ena mulembe m'munsimu. Wina ati, akuba ali paliponse, ngakhale ku Area 47 amaba. Zoona. Koma udzudzu uli paliponse, komabe sumanga nyumba m'dambo. M'mudzi umodzi womwewu muli mbali yomwe anthu amaiwala njinga panja n'kuipeza m'mawa, ndi mbali ina yomwe amakuba ndi zovala zapachingwe. Kusiyana kwake si mwayi, ndi anansi.

Wina ati, ndimanga mpanda wautali, ndiika magalasi osweka pamwamba. Mangani. Koma mpanda kumudzi umabisa wakuba akalowa, ndipo umauza anansi kuti simukuwafuna. Munthu amene sapita kumaliro, sapereka moni, sasonkha ya mjigo ukawonongeka, akakuwa usiku anthu amatembenuka pamphasa n'kufunda bwino. Ndi zoipa, koma ndi momwe zilili.

Wina ati, akuba onse ndi ochokera ku Mozambique, amalowera ku Nayuchi ndi ku Chiuta. Bodza limeneli timalikonda chifukwa limatipeputsa. Mlendo sadziwa kuti batire ili kuchipinda chiti. Amene amaloza ndi wa pompano. Ife a ku Machinga tisaiwale nkhani ya MacDonald Masambuka, mnyamata wachialubino yemwe anaphedwa mu 2018. Khoti lalikulu litagamula mu 2022, mwa opezeka olakwa pamilandu yokhudza imfa yake munali m'bale wake weniweni, wansembe komanso wapolisi. Sanali anthu a kutali ayi. Ngati m'banja mwanu muli mwana wachialubino, funso la anansi si la katundu chabe, ndi la moyo.

Ndipo musasangalale mukamva kuti kuno wakuba tikamugwira timathana naye tokha. Amenewo si malo otetezeka. Mudzi wootcha anthu sufunsa dzina. Mwana wanu wa m'tauni, wosadziwika nkhope, atatsika minibasi usiku n'kusochera njira, ndi yemwe angaphedwe. Funani mudzi womwe amagwira wakuba n'kupita naye kupolisi ali moyo.

Tsopano kwa inu anzanga a m'mudzi muno, chifukwa mlanduwu si wa ogula okha. Ife timadziwa, koma timakhala chete. Mlendo akafunsa timati, aaa, kuno ndi kwabwino, kulibe vuto, poopa kuipitsa malonda a mnzathu, poopa kuti atilodza, kapena poti wakubayo ndi mwana wa achimwene. Inenso ndili momwemo. Tsiku lomwe anandiitana kukaona nyumba ija ndinaizindikira, ndinadziwa mbiri yake. Ndinati ndalama zapita kale, ndisamukhumudwitse mwana. Ndinangoti yabwino, Mulungu adalitse. Ndikanayankhula, mwina akanaika alendi aamuna kaye, kapena mayi ndi ana akanadikira kuno. Usiku wa kuboola khoma uja ndili nawo gawo, ndipo ndikamuona mwana uja akunjenjemera ndimasowa poyang'ana.

Ena muti ndikuipitsa dzina la Nselema, mitengo ya malo itsika. Dzina la malo limaipa ndi akuba omwe tikuwabisa, osati ndi munthu wonena. Malo ano ndi abwino. Msewu wa tala ulipo, nandolo ndi mpunga zimatuluka, ana athu a ku Joni akufuna kubwerera adzamange kwawo. Koma mmodzi akabedwa katatu amauza anzake onse omwe amagona nawo chipinda chimodzi ku Johannesburg, ndipo ndalama zawo zikamanga ku Liwonde.

Akulu anati wakutsina khutu ndi mnansi. Ine ndayamba lero. Aliyense amene akufuna kugula malo kapena nyumba mbali ino, andifunse ndisanamve kwa ena kuti walipira kale. Chomwe ndikudziwa ndinena, ngakhale wogulitsayo akhale wakumpingo kwathu. Sindifuna kobiri. Loweruka tili ndi msonkhano kwa amfumu wokambirana zoyambiranso kulondera usiku mosinthana. Amene muli pafupi bwerani ndi tochi ndi wezulo. Amene muli kutali, tumizani uthengawu kwa m'bale wanu yemwe akusunga ndalama ya nyumba, auwerenge asanatumize.