Relay ya dola imodzi ndi tulo ta amayi anga

Kwathu ku Area 23 madzi amakonda kubwera usiku, mwina 2 koloko, mwina tambala woyamba atalira kale. Amayi anga ali ndi njira yawo. Asanagone amatsegula mpopi n'kutchera beseni lachitsulo pansi pake, kuti madzi akangoyamba kudontha phokosolo liwadzutse. Akadzuka amadzaza mgolo, ndowa ndi zigubu, kenaka n'kukagonako pang'ono asanalawirire kumsika. Tsiku limene tulo tawapitirira, timadzuka pakhonde pali dziwe, bilu nayo ili m'mwamba. Kuyambira ndili ku pulaimale akhala akugona khutu limodzi lili panja.

Ine ndinaphunzira zamagetsi ku yunivesite, nde ndikudziwa kuti vutoli likhoza kutha ndi tinthu tinayi: kakompyuta kakang'ono ka ESP8266, kachipangizo komva kuti madzi afika, valavu yotseguka ndi magetsi, komanso relay. Relay ndi swichi basi, koma yosadikira chala cha munthu. Mkati mwake muli kawaya kokulungidwa. Kakompyuta kakapereka chizindikiro, magetsi ochepa a 5V amalowa m'kawayako, kamasanduka maginito n'kukoka kachitsulo, magetsi aakulu a 230V n'kudutsa. Pa intaneti, kuchokera ku Shenzhen ku China, mtengo wake ndi dola imodzi kapena ziwiri. Ineyo ndatha miyezi itatu ndikuisakasaka mu Lilongwe muno.

Ndinayambira ku Malangalanga. Anyamata kumeneko anandithamangitsira relay ya galimoto. "Biggie, relay ndi relay, tengani iyi." Ayi amwene, imeneyo anaipangira batire ya 12V, ukaiika pa magetsi a m'nyumba ukuitana moto. Ndinapita mu shopu ina yowala bwino mtauni. Kumeneko relay payokha sagulitsa, amagulitsa zonse pamodzi: makamera, geti yodzitsegukira, mababu osintha mtundu. Bambo wake anandifunsa kumene ndimakhala. Nditati Area 23 anaseka, amvekere zimenezi ndi za anthu a ku Area 43 ndi Area 10. Ndinayesa kuitanitsa ndekha kunja, khadi la kubanki linakana, ati ndalama zakunja palibe. Paja kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwetsedwanso ndi 44 peresenti mu November 2023. Dola imodzi ija, ikamafika m'manja mwa mwana wa ku Chinsapo itadutsa pa msika wa madola wamseri, pa mtengo wotumizira ndi pa msonkho, imakhala yaberekana kangapo.

Mapeto ake mnzanga wina wokonza mawayilesi ku Biwi anandipatsa UPS yakufa. Tinaisula, n'kuzulamo marelay awiri. Anagwira ntchito. Nditaonetsa anzanga, onse anati, "Aise, ndiwe Kamkwamba wathu!" Mawu amenewa ndi amene andilembetsa nkhaniyi, chifukwa anandipsetsa mtima m'malo mondisangalatsa.

William Kamkwamba ndimamulemekeza. Mu 2002, ali mnyamata wosiyira sukulu panjira chifukwa cha njala, anapanga makina opukusa magetsi ndi mphepo ku Wimbe m'boma la Kasungu, pogwiritsa ntchito dayinamo ya njinga ndi zitsulo zotola. Buku la nkhani yake linatuluka mu 2009, filimu mu 2019. Koma taonani phunziro limene ife tinatolapo. M'malo mochita manyazi kuti mwana wanzeru chotero anasowa pogula waya, tinaganiza kuti kutola kudzala ndiwo ukatswiri wa Chimalawi. Zaka zoposa 20 zadutsa, ndipo mwana wa digiri akuzulabe relay m'zinthu zakufa, ife n'kumaomba m'manja. Kamkwamba sanatole chifukwa chokonda dzala. Anatola chifukwa panalibe. Kuyamikira kusowa kumeneko ndi njira yaulemu yokanira kukonza zinthu.

Bambo wa mu shopu uja analakwitsa, ndipo ambiri timalakwitsa naye limodzi. Wa ku Area 43 ali ndi thanki pamwamba, jenereta kuseri, mlonda pageti. Kwa iye nyumba yodziyendetsa yokha ndi chidole choonetsa alendo. Amene akuifunadi ndi ife. Kumbukirani 2022, namondwe Ana atawononga Kapichira mu January n'kuchotsa mamegawati pafupifupi 130. Magetsi ankazima maola ambirimbiri, ndipo aliyense wa ku Kawale kapena Mgona wogulitsa mafirizesi ankadziwa kuthamangira kukazula firiji pakhoma, kuopa kuti akabwera mwamphamvu apsereza injini yake. Relay yolangizidwa kudikira mphindi zisanu magetsi akabwera isanayatse firiji imagwira ntchito imeneyo iwe uli kutchalitchi. Woweta nkhuku ku Area 25 ikhoza kumuyatsira ndi kumuzimitsira mababu a anapiye pa nthawi yake. Zonsezi sizifuna bando ya intaneti tsiku lililonse ayi, kakompyutako kamatha kusunga malangizo kokha.

Ndikudziwa ena muti anthu akusowa ufa, iwe ukulira relay. Zoona, ufa uli patsogolo. Koma firiji ikapsa, mayi wa mafirizesi ufawo augula ndi chiyani? Ena muti zamagetsi zopangira pakhomo zimawotcha nyumba. Apa mukunena zoona kuposa mmene mukuganizira. Karelay kabuluu kofala kaja kamalembedwa 10A, koma pampu kapena giza sukuyenera kuilumikiza pomwepo. Injini ikamadzuka imakoka magetsi ochuluka kangapo, tizitsulo tamkati timatha kumatirirana, choncho pamafunika contactor pakati. Funso nali: ngozi imachuluka pati, pamene zipangizo zoyenera zili pa shelefu ndipo wogulitsa akudziwa kulangiza, kapena pamene mnyamata akulumikiza relay ya galimoto chifukwa ndi yokhayo waipeza? Kusowa sikuletsa anthu kupanga. Kumangowapangitsa kupanga moika moyo pachiswe.

Nde ndili ndi mawu kwa anthu atatu. Inu amalonda opita ku Dar es Salaam, Johannesburg ndi China, m'chikwama chimene mumadzazamo makava a foni, kabokosi ka marelay 100 sikangakulemereni. Yesani kamodzi muone ngati ana a MUBAS, MUST ndi Lilongwe Technical College sakupezani. Inu aboma, munatha kuchotsa msonkho pa zipangizo za sola, ndipo mapanelo tikuwaona pa madenga mpaka kumudzi. Tizipangizo tophunzirira ndi kupangira zinthu tichitireninso chimodzimodzi. Simungamalalikire luso la achinyamata pa msonkhano uliwonse kwinaku mukulipiritsa relay ngati mafuta onunkhira. Ndipo ife anzanga omaliza sukulu, tisiye kudandaula aliyense pakona pake. Amayi athu amadziwa chipereganyu. Tisonkhe anthu 20, tiitanitse katundu kamodzi, tigawane mtengo wotumizira, zotsala tigulitse pa benchi ku Kawale pafupi ndi mababu ndi masoketi. Mutu umodzi susenza denga.

Kunyumba marelay a mu UPS aja ndinawamangirira kale pa kathabwa pafupi ndi mpopi. Valavu sindinaipezebe, nde pakadali pano madzi akabwera kamangoliza belu kuchipinda kwanga, ndimadzuka ndine. Amayi sakukhulupirira kwenikweni. Dzulo usiku ndinawamva akutuluka mwakachetechete kukatchera beseni lawo lija.